Phunziro la Chingelezi: Timau Tating'ono Totembenuza Nkhani

Mvula ikayamba kukata m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, tiyi wa m'minda ya ku Thyolo saphukanso msanga monga achitira m'dzinja, ndipo nchito yothyola masamba imachepa. Imeneyi ndiyo nthawi imene pa mabolodi a m'maofesi pamaoneka zidziwitso zonena za anchito olembedwa pa nyengo. Anthu a kwa Kapichi adziwa bwino zimenezi, pakuti mabanja ambiri a kumeneko ali ndi mbale wogwira nchito ya tiyi. Chidziwitso chotere chikalembedwa m'Chingelezi chingathe kukhala ndi mau awa: "Seasonal workers will be laid off at the end of May."

Munthu amene anafika Sitandade 7 kapena 8 awadziwa mau amenewa limodzi limodzi. Adziwa kuti "lay" ndiko kugoneka kapena kuika pansi. Adziwanso "off", popeza pa nchito anthu amati "lero ndili pa ofu" akapatsidwa tsiku lopuma. Tsono akaphatikiza ziwirizi aganiza kuti kampani ili kupatsa anthu masiku opuma, napita kumudzi kukauza anzake kuti adzabwerera pa nchito ikatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma sizitero iai. "Laid off" ndiko kuimitsidwa nchito chifukwa nchitoyo yachepa. Malipiro a Meyi ndiwo otsiriza, ndipo banja liyenera kudziwa zimenezi lisanatenge ngongole ku golosale, lisanalonjezenso fizi ya mwana ku sekondale.

Palinso china chofunika kuti wanchito achimvetse. Woimitsidwa mwa njira imeneyi sanalakwe kanthu. Wochotsedwa chifukwa cha mlandu amalemberedwa mau ena, akuti "dismissed". Munthu akalandira kalata ayenera kuona bwino kuti mwa mau awiriwa alembamo ati, pakuti adzafunsidwa zimenezi pokapempha nchito kwina, ndipo ngati sakumvetsa za ndalama zomuyenera akafunse ku ofesi ya zanchito pa Boma. Mvula ikabweranso m'Disembala, pa bolodi lomwelo padzalembedwa kuti "Pluckers will be taken on", ndiko kuti othyola tiyi adzalembedwa nchito, osati adzanyamulidwa.

Mau otere monga "lay off" ndi "take on" Angelezi amawatcha "phrasal verbs". Ndi mneni amene ayenda ndi kamau kena kakang'ono pambuyo pake ngati kamchira: "up", "down", "in", "out", "on", "off", "away", "back", "over", "after" ndi tina totere. Kamchirako kakafika, tanthauzo la mneni limasintha, nthawi zina pang'ono, nthawi zina kotheratu.

Chichewa chimachita zomwezo

Ophunzira ambiri amadandaula kuti Chingelezi nchopanda dongosolo pa nkhani imeneyi, nati mau amodzi angatanthauze bwanji zinthu zisanu. Koma wolankhula Chichewa sayenera kudabwa, chifukwa chilankhulo chake chimachita zomwezo tsiku lili lonse, ndipo iye sazindikira poti anaziyamwira. Kusiyana kwake nkwakuti m'Chichewa kamchira kamalumikizidwa ku mneni kukhala liu limodzi, zimene aphunzitsi amazitcha misintho ya aneni, pamene m'Chingelezi kamalembedwa pakokha.

Mneni wakuti kuyang'ana aonetsa bwino zimenezi. Kuyang'ana mwana ndi kuyang'anira mwana ndi zinthu ziwiri: woyang'ana angaimirire patali manja ali m'thumba, koma woyang'anira ndiye adzafunsidwa mwanayo akagwera pa moto. Mngelezi anena "look at the child" pa choyambacho, ndi "look after the child" pa chachiwiricho. Kutenga ndi "take", koma agogo akati mwanayu watengera atate ake, Mngelezi ati "he takes after his father". Kupita ndi "go", kupitiriza ndi "go on". Kuvala ndi kuvula zisiyana lemba limodzi lokha, ndipo m'Chingelezi ndi "put on" ndi "take off". Mlendo wophunzira Chichewa amavutika ndi kudula, kudulira, kuduka, kudutsa ndi kudukiza monga momwe mwana wa kwa Kapichi avutikira ndi "cut down", "cut back", "cut off" ndi "cut in". Palibe chilankhulo chimene chinganyoze chinzake pamenepa.

Kudula ndi kudulira ndi mau a m'munda wa tiyi enieni. Tiyi akalekereredwa amakula nkukhala mtengo wautali, chifukwa chake pakapita zaka zingapo amamudulira m'nyengo yopanda mvula, kuti aphukenso bwino ndi kuti pamwamba pake pakhale pothyoleka munthu ali chiimire. Kudulira kumeneku ndi "prune" m'mabuku, koma pakamwa anthu amati "cut back". Mitengo ya bulugama imene minda ya tiyi imabzala kuti ipeze nkhuni za ku fakitale ndiyo imagwetsedwa, ndipo kumeneko ndiko "cut down". Tiyi wokalamba amene afuna kumuchotseratu kuti abzale mbeu yatsopano amamuzula, ndiko "pull up" kapena "dig up". Kapitao amene alandira malangizo m'Chingelezi nakawapereka kwa anthu ake m'Chichewa kapena m'Chilomwe ayenera kumva kamau kotsirizako, chifukwa mneni "cut" ndi yemweyo konse kuwiri, koma tiyi wodulidwa pa tsinde atenga nthawi yaitali asanayambenso kudzaza dengu.

Pamene kusamva kuli koopsa

M'fakitale ya tiyi muli makina odula ndi kupota masamba, malamba oyenda okha, ndi ng'anjo zoumitsira tiyi ndi mpweya wotentha. Malangizo a m'malo otere ndi aafupi, ndipo pafupifupi onse ndi aneni a kamchira: "switch off", zimitsa; "stand back", futuka; "keep out", usalowe; "slow down", chepetsa liwiro. Loopsa koposa ndi "Look out!" Wongomasulira liu ndi liu aganiza kuti auzidwa kusuzumira kunja, natulutsa mutu wake pa zenera la thirakitala kapena la lole. Koma wofuulayo ali kunena kuti "Chenjera!" ndipo mwina chimene amuchenjezacho ndi nthambi imene ili kudza pa zenera lomwelo.

Pa mabotolo a mankhwala opopera m'munda pamalembedwa "keep away from children" ndi "wash off with soap and water". Loyambalo liti mankhwalawo akhale kutali ndi ana. Lachiwirilo liti akadonthera pa khungu asambidwe ndi sopo mpaka achokeretu. Kuchipatala dokotala akauza wodwala kuthamanga kwa magazi kuti "cut down on salt", ali kunena kuti achepetse mchere. Akati "cut out salt", ndiye kuti ausiyiretu. Apa "cut down" salinso kugwetsa mtengo ai.

Palinso mau awiri amene angaliritse mudzi popanda maliro. "Pass out" ndiko kukomoka. "Pass away" ndiko kumwalira. Mabanja ambiri a ku Thyolo ali ndi ana ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo uthenga wa pa foni wochokera kwa bwana kapena mnzake wa mwanayo umadza m'Chingelezi. Wowerengera anzake uthenga wotere aone kawiri asanatsegule pakamwa. Ndipo ngati uthengawo uli wonena za mnyamata amene ali ku sukulu ya apolisi ku Limbe, "pass out" ali ndi tanthauzo lachitatu: watsiriza maphunziro ake, ndipo abale aitanidwa kukaonerera perete.

Kumene mau awa anachokera

Aneni a kamchira si Chingelezi chosweka kapena cha anthu osaphunzira, monga ena aganizira. Ndi Chingelezi cha pakhomo, chimene mwana wa ku England amamva kwa amake asanapite ku sukulu. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu, pamene Chilatini chinali cha tchalitchi ndi mabuku. Motero m'Chingelezi munalowa mau ambirimbiri ochokera ku zilankhulo ziwirizi, koma mau akale a anthu wamba sanafe. Ndicho chifukwa chake lero chinthu chimodzi chimakhala ndi mau awiri, lalitali la m'mabuku ndi lalifupi la pakamwa: "postpone" ndi "put off", kuchedwetsa kufikira tsiku lina; "extinguish" ndi "put out", kuzimitsa moto; "tolerate" ndi "put up with", kupirira; "discover" ndi "find out", kutulukira.

Samuel Johnson, amene anasindikiza dikishonale yake yotchuka ku London m'chaka cha 1755, anaona kale kuti aneni otere ndiwo asautsa alendo koposa, nalemba zimenezi m'mau oyamba a bukulo. Dzina lakuti "phrasal verb" linawanda pambuyo pake, ndi buku la Logan Pearsall Smith lotchedwa Words and Idioms la m'chaka cha 1925.

Kuno ku Thyolo mau amenewa anafika pamodzi ndi minda ya Azungu. Munda wa Satemwa unayamba m'chaka cha 1923, ndipo makolo amene anagwira nchito m'minda ya masiku amenewo sanaphunzire Chingelezi chao m'buku, anachiphunzira pomva malamulo: "come on", "hurry up", "get out", "fall in". Liu lotsirizali, limene asilikali amaitanidwa nalo kuti aime pa mzere, linalowa ngakhale m'Chiswahili, m'mene mzere wa anthu odikira amautcha foleni. Mpaka lero mwana wa Sitandade 1 Chingelezi chake choyamba ndi "stand up" ndi "sit down". Tsono nzodabwitsa kuti mwana yemweyo akafika Fomu 3 ayamba kuchita manyazi ndi mau aafupi, nafunafuna ataliatali kuti aoneke wophunzira. Mau ataliwo ali ndi malo ake, makamaka m'kalata ya ku ofesi. Koma denga la udzu likagwira moto palibe Mngelezi amene afuula "extinguish".

Timichira tili ndi makhalidwe ake

Aneni awa ndi ochuluka kwambiri, ndipo woyesa kuwaloweza pa mndandanda monga aloweza mayina a mitsinje adzatopa asanafike pakati. Njira yabwino ndiyo kuzindikira khalidwe la kamchira kali konse, pakuti ngakhale sitimvera lamulo nthawi zonse, timakonda kukokera mbali imodzi.

"Up" ndi m'mwamba, monga mu "stand up" ndi "pick up". Koma kawirikawiri amatanthauza kutsiriza chinthu, monga momwe Chichewa chichitira ndi -ratu. "Drink" ndi imwa, "drink up" ndi imweratu. "Eat up" ndi idyeratu. "The well has dried up", chitsime chaumiratu. "We have used up the fertiliser", feteleza tamutheratu. Mphunzitsi akaonetsa ana ake kufanana kumeneku, aneni makumi angapo amatseguka nthawi imodzi.

"Off" amakonda kulekanitsa kapena kudula chimene chinali kuyenda. Wozimitsa wailesi achita "switch off", woweruka pa nchito achita "knock off", basi ikanyamuka ndi "set off", msonkhano ukalephereka ndi "called off". Woganizira zimenezi aona kuti "lay off" ali m'banja lomwelo, la kulekana ndi nchito. "On" ndi mdani wake wa "off": kuyatsa, kuvala, kupitiriza, monga "carry on" ndi "keep on". "Back" ndi kubweza, ndipo savuta: "pay back", "give back", "come back". "Out" ndi kutuluka, komanso kutha: wogulitsa m'golosale akati "we have run out of sugar" palibe amene wathamanga, shuga ndiye watha.

Koma alipo ena amene samvera khalidwe lili lonse, ndipo amenewo angolowezedwa basi. "Turn up" ndiko kufika pa malo poyembekezeka, koma "turn down" si kuchoka iai, ndiko kukana. Mnyamata wopempha ukalaliki akalandira yankho lakuti "Your application has been turned down", asataye ndalama ya basi kupita ku ofesi. "Give up" ndi kugwa ulesi nkusiya, "give in" ndi kugonja. Galimoto ikafa pa njira ndi "break down", mbala zikathyola nyumba ndi "break in", matenda akabuka ndi "break out", ndipo sukulu zikatsekera ndi "break up".

Malamulo owerengeka

Nthawi ya mneni imasinthidwa pa mneni weniweniyo, kamchira sikasintha. Ndi "he picked up the basket", osati "he pick upped".

Lamulo lachiwiri ndilo limagwetsa ambiri m'mayeso. Aneni ambiri otere amalola kuti dzina likhale pakati kapena pambuyo: "switch off the machine" ndi "switch the machine off" zonse nzabwino. Koma m'malo mwa dzina mukalowa mlowam'malo monga "it", "him" kapena "them", ameneyo ayenera kukhala pakati: "switch it off", osati "switch off it". Alipo ena amene sapatulika konse, monga "look after", "look for" ndi "take after": ndi "look after them" nthawi zonse. Dikishonale ya ophunzira, monga ija anaiyamba A. S. Hornby imene Oxford inasindikiza m'chaka cha 1948 ndipo ikali kusindikizidwabe, imaonetsa kusiyana kumeneku. Wofuna "put off" asakamufune pa lemba la O. Amupeza pansi pa "put".

Polankhula, liu limakwezedwa pa kamchira, makamaka kakakhala kotsiriza: mu "turn it off" mphamvu ili pa "off". Ambiri kuno amakameza kamauko, ndipo womvera sadziwa ngati auzidwa kuyatsa kapena kuzimitsa.

M'Chingelezi cholankhulidwa m'Malawi muno muli zizolowezi zina zimene anthu amvana nazo bwinobwino pa msika ndi pa depoti, koma wolemba mayeso azipewe. Ambiri amati "I will pick you at the stage", kusiya kamchira. Chingelezi cha m'mabuku chifuna "I will pick you up". Pamenepa anthu a tiyi ali ndi mwai wokumbukira msanga, pakuti "pick" payekha ndiko kuthyola tsamba kapena kusankha, ndipo mlendo sathyoledwa. Ena amaonjezera kamchira posafunika, nati "cope up with" m'malo mwa "cope with". Fomu ya ku banki kapena ya ngongole ndi "fill in" kapena "fill out". "Fill up" ndi ya thanki ya petulo ndi ndowa ya madzi. Zimenezi zioneka zazing'ono, koma wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati sanakhoze Chingelezi, ndipo mafunso osankha kamau koyenera ndi amene angamupatse malikisi mosavuta kapena kumulanda.

Ngakhale amene anasiya sukulu kale akumana nawo aneni awa m'thumba mwao momwe. Foni ili yonse imalankhula ndi mau omwewa: "top up", kuonjezera mayunitsi, "log in", kulowa, "sign up", kulembetsa, "call back", kuimbanso. Pa Airtel Money ndi Mpamba pali "cash in", kuika ndalama m'foni, ndi "cash out", kuzitapa. Mai wolandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa kutauni akadziwa mau awiri okhawa, sadzaperekanso foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa munthu wachilendo kuti amuthandize.

Kwa aphunzitsi

Aneni awa aphunzitsidwe m'chiganizo chathunthu, ndipo chiganizocho chikhale cha zinthu zimene ana aziona: dengu, sikelo, njinga, chitsime, ngolo ya thirakitala. Mwana amene anaimirira kutsogolo kwa kalasi navala chipewa anzake ali kunena "he is putting it on", nachivulanso iwo ali kunena "he is taking it off", sadzaiwala. Atatu kapena anai pa sabata akwanira. Ndi bwinonso kuti ana a makalasi a pamwamba azikopera m'kope mau ali onse otere amene awaona pa zikwangwani, pa mapaketi ndi pa mafoni a makolo ao, nadza nawo Lolemba kuti kalasi lonse liwamasulire. Mphunzitsi asakane kugwiritsa Chichewa pofotokoza kuyang'ana ndi kuyang'anira. Mphindi ziwiri za Chichewa pamenepa zipulumutsa ola lathunthu la kubwerezabwereza.

Nazi ziganizo zoyesera. Pa mpata uli wonse palowe kamau kamodzi mwa iti: up, down, off, out, on, after, back.

1. The lorry broke ____ near Luchenza.
2. My sister looks ____ the baby while my mother is plucking tea.
3. The meeting was called ____ because of the rain.
4. Please fill ____ the tank before you leave for Limbe.
5. The estate will take ____ more workers in December.
6. He borrowed money in June and paid it ____ in August.
7. The clinic has run ____ of bandages.

Chiganizo cha 6 chingathe kulandira timau tiwiri tosiyana, ndipo aphunzitsi afunse ana kuti anene tanthauzo la kali konse.